Njira ya a Kavalo

Dzina lawo la ubatizo linali Alufandika, koma mukanafunsa limenelo pakati pa Chileka ndi Lirangwe mukanangotha nsapato. Aliyense ankawadziwa kuti a Kavalo. Dzinali anatengera kwa bambo awo, amene anachokera kwa Apwitikizi ali onyamula machila, aliwiro ngati nyama imeneyo. Ndi pachitupa pomwe analembapo lomwelo. Koma mwanayu liwiro analibe ndi pang'ono pomwe. Mphamvu zake zinathera kukhasu ndi kukamwa.

Chuma chawo chonse chinali dimba la matimati m'mphepete mwa mtsinje wa Lirangwe. M'mawa uliwonse ankatsetsereka kanjira kachidule ndi akazi awo a Edina, wina kutunga, wina kuthirira, kwinaku akukangana za zinthu zosadziwika mutu wake.

Chaka china m'nthawi ya Chitaganya, boma linatulutsa ndalama zolambulira njira yoti azungu azithamangitsamo akavalo awo Loweruka. Njirayo inadzagona ndendende pa kanjira kaja. A Kavalo analembedwa nawo ntchito yolambula, nagwira ndi mtima wonse, osadziwa kuti akudzitsekera okha khomo. Itatha ntchito, panakhomedwa chikwangwani: NJIRA INO NDI YA KAVALO NDI WOMUKWERA BASI. Pansi pake panaima mesenjala, dzina lake Petro.

Njira yozungulira inali yaitali zedi, ndipo a Edina, ndi nyamakazi yawo ya m'bondo, sakanaitha. Kuthirira dimba lonselo munthu mmodzi, ndi dzuwa la Okutobala, kunali kudzinamiza. Pofika tsiku lachitatu matimati anali atazyolika, ndipo a Kavalo zinawawawa kwabasi.

Tsiku lachinayi anavala jekete yawo ya kutchalitchi, natsogoza mayi mpaka pachikwangwani.

"Achimwene a Petro, inu sukulu munapitako. Tawerengani apo," anatero. Petro anawerenga. "Tsopano werengani apa." Anamupatsa chitupa.

Petro anayang'ana chitupa, nayang'ana thabwa, nayang'ananso chitupa. Thukuta linayamba kutsika m'chipewa.

"Boma silinama," anatero a Kavalo mofatsa. "Njirayi landilembera ine. Kungoti ndinachedwa kuthokoza."

Petro sanali wogona ayi. "Chabwino bambo, inu dutsani. Koma mayiwa abwerere. Iwowa si Kavalo."

Apa mnyamata wa boma anaona ngati wawatha. A Kavalo anangovula jekete, naipinda bwinobwino, nanjuta pansi.

"Amake Molly, kwerani," anauza akazi awo.

Abale inu, a Edina anali mayi wa Mvano, wolemekezeka mpingo wonse, woti ngakhale kugwirana dzanja ndi mwamuna wawo pagulu sanayambe achitapo. Manyazi anawagwira mpaka kuphazi. Koma atakumbuka matimati aja, anamanga chitenje, nakwera kumsana, chidebe chili m'manja.

Petro anatsegula pakamwa, koma lamulo linali litakwana mbali zonse, kavalo alipo, womukwera alipo. Anangotembenuka kuyang'ana kuthengo, mapewa akugwedezeka ndi phwete. Kuyambira tsikulo, akawaona akubwera ankapezeka kuti watanganidwa ndi kumanga nsapato, ndipo a Edina ankadutsa ndi miyendo yawo.

Matimati anapulumuka, nabereka mpaka kuthyola mitengo yake. Koma amayi anzawo akamawaseka za ulendo uja, a Edina za matimati sankazitchula n'komwe.

"Sekani," ankatero. "Zaka makumi awiri ndili pabanja, bambowa sanandinyamulireko ngakhale mtolo wa nkhuni. Zinatengera boma kuti andibereke."