Nyimbo ya a Sumire ndi Galimoto ya Zinyalala

Mukafika m'tawuni mwathu muno n'kufunsa za a Kuramochi Sumire, mwana aliyense akulozerani: "Mayi a zinyalala aja? Nyumba ya denga labuluu iyo." Mayi a zinyalala! Munthu amene zala zake zinaliritsa azibambo a ndevu ku Tokyo, lero dzina lake likununkha mitu ya nsomba. Ine ndikamva zimandiwawa. Ndimasekanso, koma kuwawa ndiko kumayamba.

A Sumire anabadwira kuseri kwa shopu ya nsomba ya bambo awo, cha kudoko. Piyano anaiphunzirira kusukulu, kwa mphunzitsi amene ankawakwapula zala ndi rula chifukwa dzanja lawo linkachedwa dala. "Silikuchedwa," a Sumire ankatero, "likungotsamira." Ndiye jazi imeneyo, ngati simudziwa: kutsamira, osagwa.

Atakula anathawira ku Tokyo. Anaimba zaka zambirimbiri m'mabala a mowa a pansi pa nthaka, mu utsi wa fodya wochindikala moti malaya awo ankatsokomola okha pa msomali. Nyimbo anapeka zambiri, koma imodzi ankaisamala ngati mwana wa m'mimba. Ankaitcha "Mvula ya pa Doko", ndipo anaipeka bambo awo atamwalira. Inkayenda mozemba, kuima, kumvetsera, kuyendanso, ngati chidakwa chimene chikulowa m'nyumba chitanyamula nsapato m'manja.

Mayi awo atayamba kudwala, a Sumire anabwerera kuno n'kumaphunzitsa ana piyano. Tonse tinkawatcha aphunzitsi. Moyo unali phee, mpaka tsiku limene kunabwera a Nagumo a kukhonsolo, atavala suti yotuwa. Anawerama mpaka tayi kukhudza mphasa, n'kupereka kakhadi kawo ndi manja awiri. Pakakhadipo panalembedwa kuti Ofesi Yokongoletsa Tawuni.

"Aphunzitsi, tawuni ikufuna nyimbo yake, yopekedwa ndi mwana wa pano. Izimveka mumsewu uliwonse, m'mawa. Ngakhale gogo wogontha aziimva."

A Sumire anaona maluwa m'maganizo. Anaona ana akupita kusukulu nyimbo ikuwaperekeza. Ndipo munthu akakuweramira chonchija, ungayambe kumufunsa kuti mukongoletsa ndi chiyani? Umenewo ndi mwano. Anawerama nawonso, n'kupereka "Mvula ya pa Doko".

Koma nonse mukudziwa kuti Ofesi Yokongoletsa Tawuni ndi ya zinyalala. Mukudziwanso kuti kuno thumba la zinyalala silitulutsidwa galimoto yake isanalize nyimbo, chifukwa akhwangwala athu ali ndi milomo ngati sizasi ya telala. Umadikira nyimbo, ukaimva uthamange.

Lolemba lina m'mawa a Sumire akumwa tiyi, anamva kulira kuchokera kumtunda. Tii-tii-tii, tii-tii! Mawu opyapyala, ngati mphika wamagetsi wonena kuti mpunga wapsa. Anaika kapu pansi. Inali nyimbo yawo, koma yowongoledwa, yosita, ikuguba ngati msilikali. Atatsegula zenera anaona msewu wonse ukuthamanga. Azimayi ndi matumba a matumbo a nsomba, azibambo ndi matewera a ana, msuzi wa dzana ukudontha m'miyendo. Onse akuthamangira nyimbo ya maliro a bambo a Sumire.

A Sumire anapita kukhonsolo atavala masilipasi osiyana.

"A Nagumo, wawongola nyimbo yanga ndani?"

"Makina, aphunzitsi. Inali yokhota pang'ono, ndiye anyamata aikonza."

"Yokhota? Kukhotako ndiye nyimboyo!"

"Pepanitu. Koma anthu akuikonda kwambiri. Zinyalala zatuluka zambiri kuposa chaka chatha."

"Ichotseni."

A Nagumo anakoka mpweya m'mano, sssss, n'kupendeketsa mutu. "Zimenezo ndiye zovutirako pang'ono." Kwa amene sanakhalepo kuno, mawu amenewa amatanthauza kuti ngakhale mutafa.

A Sumire sanagonje. Tsiku ndi tsiku ankapita kukakhala pa benchi ya ofesiyo, chikwama pamiyendo, kumangowayang'ana a Nagumo. Bambo aja anayamba kuwonda. Tsitsi linayamba kuthothoka ngati la galu wa nkhupakupa. Pomaliza anagwirizana kuti nyimbo ikhalebe pa galimoto, koma aijambule eni ake, mmene iyenera kumvekera.

Ndiye anaijambulatu! Anaitanitsa anzawo awiri akale ku Tokyo, wa ng'oma ndi wa besi, nkhalamba zonunkha fodya. Ine ndinaimva, ndipo ndikulumbira, inali yokoma ngati tulo. Imayamba pansipansi, besi yokha ikung'ung'udza, kenako piyano ikudontha kamodzikamodzi, ndipo nyimbo yeniyeniyo imafika mochedwa, itaganiza kaye bwinobwino.

Vuto ndi lakuti galimoto siiganiza. Imangoyenda.

Unali mwezi wa Ogasiti, kutentha kosungunula phula. Galimoto inadutsa ikung'ung'udza mwaulemu, anthu n'kumati ndi wailesi ya aneba. Pamene nyimbo imafika poti munthu angaizindikire, galimoto inali itafika kale kumanda, kumene kulibe wotulutsa thumba. Lachinayi zinatero. Lolemba linalo zinateronso. Ena anatulutsa matumba msangamsanga kuopa kuphonya, akhwangwala n'kuchita ukwati pamsewu.

Fungo lake, abale! Mukudziwa mutu wa nsomba ukagona m'khitchini mu Ogasiti? Ntchentche zinkauluka zitatseka mphuno. Amphaka anasamukira tawuni ina. Wonyamula makalata ankaponya zinthu ali panjinga, osaima, akulira.

Kenako kunabwera Mayi Ebihara, mkulu wa azimayi a dera lathu, amene anawabereka kumsana a Sumire ali khanda. Analowa osagogoda, thumba lili m'manja, n'kuliika pafupi ndi piyano.

"Sumire iwe, tatsegula."

"Azakhali, chonde..."

"Tsegula, uone okumvera ako! Mphutsi zonenepa ngati zala zakozo. Ndizo zokha zikuvina jazi yako m'tawuni muno."

"Koma azakhali, nyimboyi ndi ya bambo anga."

"Bambo ako ndinkawadziwa iwe usanabadwe. Matumbo a nsomba ankataya pa nthawi yake. Akanakhalapo akanakutaya ndi iwe womwe."

A Sumire anayang'ana thumba, anayang'ana piyano. Thumba linkagwedezeka lokha.

M'mawa mwake anavala diresi lakuda, anagula mabokosi a makeke a nyemba, n'kuyenda khomo ndi khomo akuwerama. "Ndakusowetsani mtendere, mundikhululukire." Anthu ankalandira makeke dzanja lina lili pamphuno. Anamaliza ndi a Nagumo. "Bwezerani ya makina ija," anatero. A Nagumo anawerama, ndipo akuti tsitsi linayamba kumera madzulo omwewo.

Tii-tii-tii inabwerera, tawuni inapuma.

Koma a Sumire anali asanataye mtima. Ankati anthuwa sanaimve bwino chifukwa inali pa galimoto. Atakhala pansi, pamalo aulemu, adzaimva. Ndiye pa tsiku lolemekeza okalamba anapempha kuti aimbe mu holo ya tawuni. Holo inadzaza. Anakhala pa piyano, anatseka maso, n'kuimba "Mvula ya pa Doko" monga sanaimbirepo. Anaitsamiritsa, anaiimika, anainyengerera. Thukuta linkagwera pa zala. Atamaliza anthu anaomba m'manja mwaulemu, monga amaombera mwana wa mkulu wa sukulu.

Pakhomo, Mayi Ebihara anawagwira dzanja.

"Wayesetsa, mwana wanga. Wayesetsadi."

"Mwaimva, azakhali?"

"Ndaimva. Koma pakati paja umaiwalaiwala, eti? Kuimaima konse kuja. Usachite manyazi, ukalamba ndi wa tonse. Lolemba udzatsegule zenera umvetsere bwino galimoto. Ija siilakwitsa."

A Sumire anawerama. Anawerama nthawi yaitali kwambiri, moti ena anaganiza kuti msana wagwira. Kuyambira tsiku limenelo sanaiimbenso nyimboyo, kaya pagulu kaya ali okha. Ana akawapempha amangoti si yawo, ndi ya khonsolo.