AKhutu ndi Galimoto Yopanda Injini

Pamsewu wathu, mukangodutsa pometera tsitsi, pali galaja ya malata ya bambo amene tonse timawatchula aKhutu. Dzina lenileni ali nalo, koma ndikukayika ngati akazi awo akulikumbukira. Akhala akukonza magalimoto zaka makumi atatu, ndipo chida chawo chachikulu ndi sikuludiraiva yaitali ngati mkono. Nsonga amagunditsa pa injini, chogwirira pakhutu, n'kutsinzina ngati akupemphera. Akatsegula maso, matenda awapeza.

Pakamwa pawo napo sipazizira. Za andale amati, "Amenewo ndi ekizozi yobooka. Phokoso mpaka kutsidya, galimoto ili pompo." Za makampani akuluakulu a mafoni ndi intaneti amalankhula motsitsa mawu. "Awo ntchito yathu ndi imodzi, kumvetsera. Kungoti ine ndikamva kugogoda ndimakonza. Iwo akamva ukutsokomola amakuonetsa malonda a bokosi la maliro." N'chifukwa chake akafuna kukangana ndi akazi awo amayamba atsekera foni m'chitini chakale cha girisi. Mayiwo amati pomwe chivundikiro chizitsekeka, bambo amakhala ataiwala mlandu.

Tsiku lina ometa tsitsi anawaputa kuti magalimoto amagetsi awathera ntchito. AKhutu analumbira pagulu. "Galimoto ikadzagonjetsa khutu ili, sikuludiraiva iyi ndidzakupatsani inu muzitokosera m'ngalande, ine n'kutseka galaja." Tonse tinamva, ndipo ometa tsitsi saiwala kanthu kupatula kunola lumo.

Mwezi usanathe, mkamwini wawo, amene amayendetsa galimoto ya kampani yoperekera katundu, anatulukira ndi yamagetsi yeniyeni. Inafika mwakachetechete moti aKhutu anangoiona ili kumsana kwawo, n'kudumpha ngati aponda khala la moto.

"Akamwini, mwachita kukankha?"

"Ayi bambo, imayenda chonchi. Koma ikulira penapake, tswii tswii. Kuntchito aiika pa kompyuta, yati ilibe vuto. Akuti mwina phokosolo lili m'mutu mwangamu."

"M'mutu mwanumo phokoso lilimo ndithu, munakwatira mwana wanga. Tsegulani boneti."

Ometa tsitsi anasiya munthu ali mutu theka n'kuthamangira komweko. AKhutu anapukuta sikuludiraiva pa ovolosi, n'kusuzumira. Pamalo pa injini panali kabokosi, m'kati muli chingwe chotchajira ndi jekete la mkamwini.

"Mvetserani jeketelo, achimwene," anatero ometa tsitsi. "Mwina lili ndi chifuwa."

Tinkayembekezera mkwiyo, koma aKhutu anangokanda chibwano, maso ali dwii ngati mwana woona ndege.

"Nanga mtima wake uli pati?"

"Batire lili pansi pa mipando, bambo."

"Oilo wa injini mumathira pati?"

"Sitithira."

Anazungulira kumbuyo, n'kugwada, n'kusuzumira kunsi. "Ekizozi?"

"Ilibe."

"Ha! Ndiye iyi singaime pachisankho."

Anthu anaseka, koma ometa tsitsi anali atatambasula kale dzanja kuti alandire sikuludiraiva ija. Akazi a aKhutu anaima pakhomo la galaja, manja ali m'chiuno, osaseka. Amawadziwa amuna awo: mawu akawalavula sawameza, ndipo kukhala nawo panyumba tsiku lonse ndi chilango chimene mayiwo sanachilakwire.

AKhutu anayang'ana sikuludiraiva yawo nthawi yaitali. Kenaka anaibaya m'thumba.

"Akamwini, yendetsani pang'onopang'ono, ngati mwanyamula mazira. Inu nonse, tsekani pakamwa. Makamaka inu a lumo."

Galimoto inayamba kukwawa, iwo akuyenda pambali atawerama, khutu lili kumatayala, atatsinzina. Anapita nayo mpaka pampopi. Pobwerera anasinthira mbali inayo. Mwadzidzidzi anamenya chitseko ndi chikhatho.

"Imani! Kumbuyo, kumanzere."

Anaikweza pa jeke, n'kuchotsa tayala, n'kulowetsa sikuludiraiva ija pakati pa buleki ndi kachitsulo kotchinga. Kunagwa kamwala ngati njere ya nyemba. Atabwezera tayala, galimoto inayenda zii, ngati mphaka.

Kamwalako anakaika m'dzanja la ometa tsitsi, limene linali lotambasulabe. "Tokoserani aka."

Kenaka anatembenukira kwa mkamwini. "Zaka zonsezi injini imandisokosera ngati phungu pamsonkhano, kubisa zolakwika. Iyi yokhala cheteyi singabise kanthu. Tandikwezani, ndimve zina."

Anazungulira katatu, mutu uli pawindo.

Masiku ano foni inatuluka m'chitini. Amakhala nayo pabenchi, kuifunsa mmene batire limagwirira ntchito, ndipo amati makampaniwo amve ndithu, adziwe kuti aKhutu akubwera. Amvadi. Akazi awo anandinong'oneza kuti sabata ino foniyo yayamba kuwaonetsa aKhutu malonda a timakina tothandiza kumva.