Nambala ya Pijo ya a Sakala

M'mawa uliwonse, asanamwe ndi tiyi yemwe, a Whiteson Sakala ankatuluka ndi sanza n'kupukuta Pijo yawo. Ankayambira pa nyali zakutsogolo, ngati akusukusula mwana. Galimotoyo inali itakhala pa njerwa zaka zisanu ndi ziwiri pabwalo pawo ku Kapata, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Anaigula mu 1971 akuphunzitsa ku Chiparamba, ndipo kumeneko amaikumbukabe chifukwa cha amayi apakati amene inathamangira nawo kuchipatala.

Mu 1994 mwana wawo wotsiriza, Maureen, anapeza banja. Ukwati unali wa ku Chiparamba, m'tchalitchi momwe iwo anakwatirana ndi a Magalita. A Sakala anadziguguda pachifuwa: "Mwana wanga sakwera lole ya mtedza. Apita pa Pijo!"

Makaniko Jairos analimbana nayo masabata atatu. Injini inatsokomola, kenako inalira, Kapata yense n'kuthamangira kudzaona. Koma ku ofesi ya zamsewu anati chiphaso sapereka mpaka ataona kuti nambala ya pa kachitsulo ka m'boneti ikufanana ndi ya m'buku la galimotoyo. Atatsegula boneti, anapeza kachitsuloko kali psuu ndi dzimbiri ngati chiwaya cha kudzala. Kunatsala masiku anayi.

"Tikwechepo ndi mchenga, aphunzitsi," anatero Jairos. A Magalita anali atabwera kale ndi mwala wawo wotsukira mapazi.

Olipa, mkazi wa mwana wawo wamwamuna, anaima chapatali atabereka mwana wake Chipo. Chikwatiwireni pakhomopo anali asanalankhulepo ndi apongozi ake aamuna mawu opitirira moni. Koma ankadziwa zimene mchenga unachita ndi poto wake wa ukwati: unachotsa mwaye, n'kuchotsanso dzina lake limene amalume ake anazokota pansi. Anasendera, nagwada.

"Atate, pepani. Mchenga udya ndi nambala yomwe."

A Sakala anatembenukira kwa iye.

"Nanga titani, amake Chipo?"

Olipa anathyola mandimu kuseri kwa bafa, nafinyira pa kansalu, n'kuphimba kachitsuloko. Tsiku lonse ankangobwerapo, kufinyira wina, kupukuta ndi mswachi wakale pang'onopang'ono. Mawa lake dzimbiri linachoka, koma manambala ankaoneka ngati mapazi a nyerere. A Sakala anavala magalasi, kuvula, kuvalanso. Sanawerenge kanthu.

Apo Olipa anang'amba pepala m'kope, naliyala pa kachitsuloko, n'kuyamba kuyendetsa pensulo chogoneka, monga ankachitira ndi ndalama yachitsulo ya ngwee kusukulu aphunzitsi akatembenukira kubolodi.

"Folo!" anakuwa Jairos. "Ziro! Folo wina! Mayo ine, ikutuluka!"

A Sakala ankatsata m'buku ndi chala. Manambala onse anagwirizana. A Magalita anaimba nthungululu mpaka nkhuku zinabalalika.

"Masewera amenewa ndinkakwapulira ana m'kalasi," anatero a Sakala, akupukuta m'maso ndi sanza ya galimoto ija. "Mulungu andikhululukire."

Ku ofesi kuja mkulu woona magalimoto anaika pepalalo pambali pa kachitsulo, natsata ndi chikhadabo nambala imodziimodzi, n'kudinda.

Loweruka m'mawa Pijo inavala maluwa a kumpanda mpaka pa bampala. Maureen anakhala kumbuyo ndi amayi ake, atakumbatira velo. A Sakala, atavala suti ya uphunzitsi, anatsegula chitseko chakutsogolo.

"Amake Chipo, khalani kuno."

Olipa anadziphimba kumaso ndi chitenje. Mpongozi kukhala phewa ndi phewa ndi apongozi, anthu akuona!

"Kwera iwe," anatero a Magalita. "Ine ndinakhalapo zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Pali sipuling'i yobaya, uikepo thewera."

Olipa anakwera, akuyang'ana kuzenera, Chipo ali pamiyendo. A Sakala anapotoza kiyi. Inangoti kwe, n'kukhala chete. Anapotozanso. Kenako anatulutsa mutu pazenera, akuseka mano onse panja.

"Jairos, itana anzako! Tatikankhaniko mpaka pamtsetse paja."