Mbiri ya Tiyamike monga ndinaiwerengera ku Jebel Ali

Ndinadzuka kusanache, mzikiti wa kuseri kwa fulati yathu usanaitane. Amayi a mpingo wathu, ambiri mwa iwo ogwira ntchito m'nyumba za anthu, anali atachezera kuimba nyimbo za maliro pa foni, aliyense ali m'kachipinda kake, motsitsa mawu kuti asadzutse ana a mabwana. Kumeneko ndiko kunali kugona pa maliro a mkazi wanga Tiyamike. Moto panja panalibe. Ndinatereka ketulo, n'kumwa tiyi ndili chiimire.

M'thumba la jekete munali pepala la mbiri ya malemu. Kwathu mbiriyi imawerengedwa anthu onse akumva, ndipo zimene zanenedwa pamenepo ndi zimene mudzi umasunga. Dzulo lake amalume ake a ku Ntcheu anandiimbira. "Akamwini," anatero, "pa nkhani ya ntchito mungoti ankalera ana. Za agaluzo ayi. Mayi ake asamvere pa manda kuti mwana wawo wamkazi ankadzilumitsa kwa agalu a eni." Ndinati ndamva, ndipo ndinalemba monga ananenera.

Silinali bodza lenileni. Tiya anabweradi ku Dubai kudzalera ana, ndipo banja limene ankagwirako linali ndi galu wa mtundu wa Malinois. Loweruka lililonse ankapita naye ku bwalo lina la ku Al Quoz, kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu, kumene agalu amaphunzira masewera a chitetezo. Masewerawa amafuna munthu wovala chimkono chokhuthala, chimene amati silivu, choti galu azibwera chothamanga n'kuluma pamenepo. Munthuyo amamutcha helepa. Tsiku lina anamuuza mwanthabwala kuti ayese, iye anavaladi. Anaphunzira zaka ziwiri, ndipo kutatsala mwezi kuti adwale anayesedwa mayeso a uhelepa n'kukhoza. Kabuku ka umboni kanachedwa kubwera. Korona anamutenga asanakaone.

Kunja kunali chifunga cha Januwale, chija chimameza nsanjika zonse za m'dera lathu la JVC n'kusiya magetsi okha. Mnzanga wa ku Mangochi amene amayendetsa takisi anandidikira pansi. Ananditsegulira chitseko chakumbuyo, nati, "Yalla, tiyeni achimwene."

Bokosi linabwera ndi galimoto ya chipatala, lotsekeratu. Kuona nkhope kunalibe. Anatiuziratu kuti olowa kumanda ndi owerengeka, choncho sindinkayembekezera anthu. Koma titakhota kulowa kamsewu ka kumanda a ku Jebel Ali, ndinaona magalimoto ataima m'mbali. Pafupi ndi galimoto iliyonse panali munthu wovala masiki, motalikirana ndi mnzake, ndipo kumanzere kwa aliyense kunali galu atagona pa mchenga. Anali anthu a ku bwalo la agalu lija: Mfilipino amene amatsuka makola, Aarabu awiri ovala zoyera, Amwenye, azungu. Galimoto ya bokosi inadutsa pang'onopang'ono pakati pawo. Palibe galu anauwa.

Mayi wa imvi amene amatsogolera bwalolo anabwera mpaka pa geti n'kundipatsira envulopu chapatali. Munali kabuku kaja, chithunzi cha Tiya atamanga tsitsi kumbuyo, chidindo pansi pake. Mayiyo anangonena chinthu chimodzi, kuti zaka ziwiri zonsezo palibe galu amene anachoka pa mkono wa Tiya akutsimphina. Kenaka anabwerera kwa galu wake.

Pa dzenje tinalipo abusa, ine, mnzanga uja, amayi awiri a mpingo amene mabwana awo anawalola, ndi amuna a kumanda ovala zoyera thupi lonse. Mnzanga anagwira foni m'mwamba. M'menemo munali khonde la kwawo kwa Tiya, amayi ake atakhala pa mphasa, amalume pa mpando, anthu ambiri kumbuyo.

Ndinawerenga kumene anabadwira, sukulu zimene anaphunzira, tsiku la ukwati wathu. Nditafika pa mzere wa ntchito ndinaima. Kabuku kaja kanali m'dzanja langa lamanzere, pansi pa pepala. Ndinapinda pepalalo.

Ndinati Tiyamike analera ana a anthu ndipo anawalera bwino. Ndinati analinso helepa wa agalu, woyesedwa ndi wovomerezeka. Ndinawafotokozera mmene ntchitoyo imakhalira. Galu amachokera kumapeto kwa bwalo ndi liwiro lake lonse, n'kudumpha. Munthu wamantha amauma thupi ngati khoma, galu n'kuthyoka mano kapena khosi. Wina amathawa. Helepa amaima mpaka galu atadumpha, amamulandira pa silivu, amazungulira naye limodzi, n'kumutsitsa pansi ndi miyendo yonse inayi. Amene akuoneka ngati akuukiridwa ndi amene akusamala moyo wa galuyo. Ndinati mwana wanu ankachita zimenezi ali wamfupi kuposa amuna onse a pa bwalolo, ndipo anthu amene ali panja pa geti abwera ndi agalu awo chifukwa cha iye. Ndinakweza kabuku kuti akaone.

Amalume anadzuka pa mpando n'kuchoka pa khondepo. Amayi sanasunthe. Kumbuyo kwawo kunamveka manong'onong'o, kenaka mayi wina wa mpingo amene anali pambali panga anayambitsa nyimbo, ndipo a ku Ntcheu anavomera mochedwerako chifukwa cha netiweki. Bokosi linatsika. Mchenga wa kuno ndi wopepuka, sumveka ukamagwera pa bokosi. Chifunga chinali chitachoka, dzuwa litayamba kuwawa m'khosi.

Madzulo m'nyumba munali zii, kupatula firiji. Ndinakhala pa sofa osayatsa magetsi. Amalume sanaimbe foni, ndipo mpaka lero sanaimbe. Foni italira inali nambala ya apongozi anga aakazi. Chikwatireni anali asanandiimbirepo okha. Uthenga wonse unkadzera kwa Tiya, monga ulemu wa kwathu umafunira.

"Bambo," anatero, "ankamupweteka agaluwo?"

"Ayi, amayi. Mikwingwirima yokha."

"Alipo anajambula?"

Ndinawatumizira kanema wa tsiku la mayeso, wosakwana mphindi imodzi: galu wakuda akubwera, Tiya ataima, mawondo atapinda pang'ono, kenaka onse awiri akuzungulira m'fumbi. Ndinadikira. M'nyumba ya pamwamba wina ankakoka mpando.

Patapita nthawi unalowa uthenga wa mawu. Amayi anali atasasa mawu ndi kulira kwa tsiku lonse, koma ankamveka bwinobwino.

"Ndaonera katatu," anatero. "Kaimidwe kameneko anatengera ine."