Chiwongolero cha Pikapu ya Bambo

Bambo atapita kumaliro ku Mulanje, ndinatenga pikapu yawo n'kukasinthitsa bokosi la chiwongolero kwa makaniko wina ku Ndirande. Ndi lakale lija unkapotokola mpaka mapewa kuwawa. Ndi latsopanoli ukangogwedeza pang'ono, matayala akhota kale. Sindinawapemphe, ndipo atabwera sindinawauze. Ndinkati ndikudikira tsiku labwino.

Lamlungu m'mawa, potuluka kunyumba kwathu ku Machinjiri, bambo anapotokola chiwongolero monga ankachitira zaka zonsezi. Galimoto inakhota msanga n'kuomba chipilala cha geti. Ine ndinali pakhonde, burashi ya nsapato ili m'manja.

Anatsika, anayang'ana nyali yosweka, kenako anayang'anitsitsa manja awo.

"Ukalamba wafika," anatero. "Tenga makiyi, mwana wanga, ndisadzaphe munthu."

Ndinatsegula pakamwa. Chomwe chinatuluka n'chakuti, "Pepani, bambo." Makiyiwo ndinalandira ndi manja awiri, mwaulemu ndithu.

Sanayendetsenso. Masiku ano amakhala pampando wa pambali ndikamawaperekeza kutchalitchi. Tikakhota pakona ya pamsika amati, "Koma galimotoyi imakumvera iwe."

Ndimayankha kuti zikomo, n'kusintha giya.