Getsi Lothimathima la a Musaphethire

Kuseri kwa sitolo ya mankhwala kuli kachipinda kojambuliramo zithunzi. Mwini wake anthu amangowatchula a Musaphethire, chifukwa ndiwo mawu amene akhala akunena kuyambira tsitsi lawo lili lakuda bii. Ntchito za m'maukwati zinapita ndi mafoni. Chinawatsalira ndi tizithunzi tofunsira ntchito, choncho achinyamata onse osowa chochita amadutsa pampando wawo.

Kachipindako n'komvetsa chisoni. Mpando umagwedera, jekete yobwereketsa inang'ambika m'khwapa, getsi lina limangothimathima. Anthu amati mkuluyu ndi woumira.

Tsiku lina kunabwera mayi wachitsikana, khanda kumbuyo. Amati afunse za chithunzi cha mwana, koma anangoyamba kulira. Mwamuna wake anaphunzirako zamagetsi, sukulu n'kuthera panjira. Ntchito anaifuna mpaka nsapato kubooka, kenako anasiya. Tsopano ankangogona choyang'ana kukhoma, mwana akalira osatembenuka. Mnyamata wa nyumba yoyandikana nawo anayamba chomwechi, mapeto ake anamupeza atadzimangirira. Chichitikireni zimenezo, mayiyu ankabisa chingwe choyanikira zovala pansi pa matewera.

A Musaphethire anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mubwere naye mawa, mayi. Mukamuuze kuti kuno mwana sajambulidwa popanda bambo ake."

M'mawa mwake mwamunayo anabwera mochita kukokedwa, ndevu zili nyankhalala.

"Ndiye bwana wake ndi amenewa?" anatero mkuluyo. "Khalani apo, aphwanga, nyamulani mwanayo. Nkhope ngati mwatafuna ndimu! Ndikujambuleni ngati ndani?"

"Ingojambulani, madala."

Funso limeneli amafunsa aliyense. Wina akati ngati namwino, wina ngati dalaivala, amamujambula pompo. Koma woyankha kuti ingojambulani sathamangira kumujambula.

Mayiyu, amene mantha anamuphunzitsa kuona zonse, anaona chidendene cha mkuluyo chikukankha waya pansi. Getsi linayamba kuthimathima, kwinaku likulira ngati njuchi.

"Ayi, layambanso. Limeneli lili ndi ziwanda," anatero a Musaphethire. Analimenya ndi chipeso. Analiuzira mpweya. Analinyengerera ngati mwana wokana phala.

Mayiyu sanayang'anenso getsi. Maso ake anali pa manja a mwamuna wake, amene anagwira khandalo ngati si ake. Nthawi inapita. Kenako chala chimodzi chinagwedezeka. Chachikulu chinayamba kusisita chinzake, monga chinkachitira kale akamaganizira chinthu chowonongeka. Mkuluyo atatenga supuni kuti apise nayo m'getsimo, mwamunayo anadzuka.

"Madala, mufa nazotu izi! Zimitsani kaye pakhomapo. Mayi a mwana, tagwirani uyu."

Mawu ambiri chonchi mayiyu anali asanawamve kwa nthawi yaitali. Mwamunayo anagwada, n'kupempha mpeni. Anasenda waya, kumupota bwinobwino, kumukulunga tepi, akung'ung'udza kuti amene analumikiza poyamba ayenera kumangidwa. Atayatsa, chipinda chonse chinawala mbee, khanda n'kuseka.

"Ha! Ziwanda zathawa," anatero mkuluyo. "Tsono ndikujambuleni ngati ndani?"

Mwamunayo anayang'ana manja ake, akuda ndi fumbi.

"Ngati wamagetsi."

Jekete anaitenga yekha pamsomali. Anapesa ndevu ndi chipeso chomwe chija.

"Musaphethire!"

Potuluka, mayiyu anatsalira ngati akumanga bwino mwana kumbuyo.

"Bambo, ndinakuonani. Waya uja munamukankha dala."

"Muli ndi maso, mayi." Anatsitsa mawu. "Pakamwa pamanama, ndiye ine ndimayang'ana manja. Akayabwa, munthuyo akadalipo. Akangoti zii mpaka kutuluka, ndimapita kwa akwawo kukawauza kuti asamusiye yekha. Mpandowu ndi wa ophunzira ukalipentala. Jekete ndi ya atelala. Inenso ndinagonapo choyang'ana kukhoma, mpaka malume anandiponyera kamera yakufa pamphasa."

"Nanga awawa?"

"Awa alipo. Koma musasiye kuwayang'anira."

Ali pakhomo mayiyu anacheuka. Mkuluyo anali atagwada kale, mawondo akulira, akumasula tepi ija pang'onopang'ono kukonzekera wina wobwera. Apa m'pamene mayiyu anamvetsa. Zaka zonsezi anthu akhala akuseka kachipinda kameneka, osadziwa kuti chilichonse chowonongeka m'menemo chikudikira mwini wake.

Masana amenewo mwamunayo anatsegula kumbuyo kwa wailesi yawo yakufa, tizitsulo n'kutindandalika pathebulo. Chingwe chija mayiyu sanachitulutse, chinakhalabe pansi pa matewera. Koma anakhala pansi, n'kudya chakudya chake chonse chikadali chotentha.