Mankhwala a Mphumu pa Mpikisano wa Tchesi

Chaka chimenecho ndinkaphunzitsa pa sukulu ina kufupi ndi Nsaru, ndipo masana ndinkaphunzitsanso ana tchesi. Mwa onse, wodziwa anali mtsikana wina wa sitandade seveni, mwana wa matenanti a pa esiteti ya fodya. Ankadwala mphumu. M'thumba la yunifolomu ankayenda ndi kabotolo ka mankhwala opopera m'kamwa, kamene anampatsa kuchipatala.

Pa mpikisano wa sukulu za m'dera lathu anagonjetsa aliyense mpaka kufika masewero omaliza. Wopambana pamenepo amakasewera mumzinda wa Lilongwe, kumene mwanayo anali asanapondeko. Woti akumane naye anali mphwake wa apampando a komiti ya mpikisanowo, bambo olemekezeka, akulu a mpingo, omwenso anali kalaliki pa esiteti ija.

M'kalasi mochitikira masewerowo munali fumbi. Asanayambe kusewera, mtsikanayo anatulutsa kabotolo kake n'kupopera kawiri. Apampando anadzuka.

"Kodi aphunzitsi, simudziwa kuti masiku ano tchesi ili ndi malamulo oletsa mankhwala owonjezera mphamvu?"

"Amenewa ndi a mphumu, bambo. Achokera kuchipatala."

"Onse amatero. Ndinamva ndekha ku msonkhano."

Anatenga kabotoloko, kukanunkhiza, kukagwedezera pafupi ndi khutu, basi kuyeza kwatha. Anzawo a m'komiti anangoti zyoli, wina n'kumatafuna chinangwa. Anthu omwewa Lamulungu lililonse amatiuza kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Zinandinyansa, ndipo mpaka lero zimandinyansa. Ndinakangana nawo mpaka mawu anasasa, koma mtsikanayo anamuchotsa mu mpikisano, ndipo mphwake wa apampando uja anapambana osakhudza ngakhale hatchi ya pa tchesipo.

Bambo ake a mtsikanayo anali panja, atabwera pa njinga yobwereka kudzaona mwana wawo. Apampando anawaitana n'kuwalalatira pagulu kuti akulera mwana wa mankhwala oletsedwa. Bambowo anavula chipewa, n'kugwada pa fumbi.

"Pepani bwana, ife sitimadziwa. Sizichitikanso."

Akanatani? Fodya wawo amayezedwa ndi munthu yemweyo. Bambo a mtsikanayo ndinawathamangira pa njira kuwauza kuti zonsezo n'zabodza. Anandimvera mwaulemu, n'kundiyankha kuti akuluakulu sangalankhule pagulu chinthu chimene sachidziwa.

Lolemba mtsikanayo anabwera mochedwa n'kukhala kumbuyo. Ndili pa bolodi ndinkamva chifuwa chake chikulira. Ndinasiya choko, n'kupita kukamufunsa kuti kabotolo kali kuti.

"Abambo anakataya m'chimbudzi," anatero, akupuma pakati pa mawu. "Akuti ndisawachititsenso manyazi."